Utsi unatipeza moto ukadali kuseri kwa phiri

Lolemba m'mawa ndinapeza phulusa pa galasi la galimoto. Silinali lambiri, koma pakati pake panagona tsamba lathunthu lakuda bii, mitsempha yake ikuonekabe bwinobwino. Nditalikhudza linanyenyeka pomwepo. Tsamba limenelo linali litauluka kuchokera kuseri kwa phiri, kumene nkhalango inali itayamba kuyaka Loweruka. Malawi sitinkawaona ayi. Tinkangoona utsi uli tolo pamwamba pa phirilo, ndipo dzuwa linatuluka lili psuu, loti munthu n'kuliyang'ana osaphethira.

Ndine namwino woyendera odwala m'makomo. Anthu anga ambiri ndi okalamba: a mphumu, a matenda okhalitsa a m'mapapo amene madokotala amati COPD, a mtima, a shuga, ena ofa ziwalo chifukwa cha sitiroko. Pa mndandanda wanga pali mayina 31, ndipo nyumba zawo ndimazidziwa mpaka chitseko chimene chimavuta kutsegula. Tsiku limenelo tisanamwazikane, asisitala otiyang'anira anatiitana n'kunena kuti aliyense agawe mndandanda wake patatu: amene angathe kuchoka okha, amene akufunika wowagwira dzanja, ndi amene sangadzuke pabedi popanda anthu awiri ndi galimoto yoti agonemo. Ndinakhala pansi ndi cholembera. Gulu lachitatulo linakwana anthu 7, ndipo atatu mwa iwo amapumira makina opanga okosijeni, amene amadalira magetsi usana ndi usiku.

Asisitalawo sanachite izi chifukwa cha mantha chabe. Mu November 2018 moto wolusa unawononga tauni ya Paradise ku California, n'kupha anthu 85, ndipo ambiri mwa iwo anali okalamba. Ambirinso anafera m'nyumba zawo. Munthu wa ndodo, wosamva bwino, amene foni yake imakhala m'kabati, uthenga woti thawani umamupeza mochedwa, ndipo ukamupezanso sangathe kuchita nawo kanthu. Anthu oterowo ndiwo anthu anga.

Lachiwiri ndi pamene utsi unatsikira kwa ife. Ndinadzuka mbandakucha pakhosi pakukereketa, ndipo nditasuzumira pawindo nyumba ya tsidya la msewu inali mbuu, yosaoneka bwino. Zimatero usiku kukazizira: mpweya wozizira umatsikira m'chigwa, wofunda n'kukhala pamwamba pake ngati chivindikiro, ndiye utsi umasowa kotulukira. Umangokhala pomwepo mpaka dzuwa litatenthetsa nthaka. N'chifukwa chake m'mawa, nthawi imene anthu anazolowera kutsegula mawindo kuti m'nyumba mupite mphepo, ndiyo inali nthawi yoipitsitsa. Pa foni, muyeso wa ku America woyeza kuipa kwa mpweya, wotchedwa AQI, unali utadutsa 300. Pa muyeso umenewu mpweya wabwino ndi wosapitirira 50, ukadutsa 150 ndiye kuti ndi woipa kwa aliyense, ndipo 300 ikadutsidwa palibenso wathanzi amene ali wotetezeka.

Chimene ndinavutika nacho kufotokoza khomo ndi khomo n'chakuti phulusa looneka ndi maso lija si limene limaopsa kwambiri. Ilo limakodwa m'mphuno, munthu n'kuyetsemula. Choopsa ndi tinthu tosaoneka totchedwa PM2.5, tochepa pafupifupi maulendo 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timeneti timalowa mpaka m'timatumba ta mkati mwa mapapo, timatupitsa njira za mpweya, ndipo timavutitsanso mtima. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2021, linati pa tsiku lathunthu tisamapitirire mamaikilogalamu 15 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya. Pafupi ndi moto wolusa timafika m'mahandiredi. Ndiye munthu amakuuza kuti, "Ine ndamanga kansalu konyowa kukamwa, ndili bwino." Kansaluko kamaziziritsa nkhope, koma tinthu timeneti timangodutsa. Masiki ya pepala ya kuchipatala ijanso sithandiza kwenikweni, chifukwa imasiya mipata m'mbali. Yothandiza ndi ya N95 kapena FFP2, nayonso ikakhala kuti yagwira nkhope yonse. Kwa bambo wa ndevu imadontha. Kwa mwana wamng'ono siikwana. Ndipo kwa munthu amene akupuma kale movutikira imatha kumulemetsa, choncho sungangomuveka n'kuchoka.

Mabokosi a masiki amene tinalonjezedwa sanafike mpaka Lachinayi. Ndinayenda ndi 20 okha, ndikusankha woti ndimupatse. Zimenezi zinandiwawa, ndipo mpaka pano zikundiwawabe.

Koma vuto lenileni la Lachiwiri linali kutentha. Timauza anthu kuti atseke mawindo ndi zitseko, atsekenso mipata ya pansi pa chitseko ndi thaulo lonyowa. Masana nyumba yotseka chonchi imasanduka ng'anjo. Ndinalowa kwa bambo ena odwala mtima, amene amamwa mankhwala ochotsa madzi m'thupi, n'kuwapeza ali pampando thukuta lili kamukamu, milomo itauma, akuyankha mozengereza. Anali atamvera malangizo athu onse. Ndinawapatsa madzi pang'onopang'ono, ndikuwapukuta m'khosi ndi m'khwapa ndi nsalu yonyowa, kenako ndinaimbira adokotala kuti aonenso mankhwala awo. Apa palibe yankho loyera. Ukatsegula windo ukulowetsa utsi, ukatseka ukuwotcha munthu. Chimene tinagwirizana n'chakuti madzulo, mphepo ikakankha utsi pang'ono, azitsegula kwa kanthawi, kenako azitsekanso kusanade.

Lachitatu m'mawa ndinalithera pa mafani. Makina osefa mpweya okhala ndi sefa ya HEPA ndi abwino zedi, koma si aliyense ali nawo, ndipo moto ukabuka amatha msanga m'masitolo. Pali njira ina imene inatchuka nthawi ya Covid, yotchedwa Corsi-Rosenthal: umatenga fani ya makona anayi, n'kumata ndi tepi masefa a mtundu wa MERV 13 kumbuyo kwake, kuti mpweya wonse wokokedwa uzidutsa m'masefamo. Ine ndi mnzanga wina tinapanga zisanu pansi pa chipinda chosungiramo katundu. Kulikonse kumene ndinasiya imodzi ndinkasankha chipinda chimodzi chokha, cha mawindo ochepa, n'kunena kuti muno ndimo mukhale. Musayatse kandulo, musakazinge chilichonse, musasese mouma. Patangopita masiku awiri masefa oyera aja anali atada.

Masana ndinafika kwa agogo ena aakazi a zaka 84, a COPD, amene nyumba yawo ndi yomaliza msewu usanayambe kukwera phiri. Kuseri kwa mpanda wawo kumayambira udzu wouma wofika m'chiuno. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, manja atatsamira pa mawondo, mapewa akukwera ndi kutsika. Munthu wobanika amakhala choncho, ndipo ukangolowa pakhomo umadziwa usanayeze n'komwe. Kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni m'magazi kanaonetsa 89. Kwa munthu wathanzi timafuna 95 kupita m'mwamba, koma kwa a COPD ambiri timakhutira ndi 88 mpaka 92, choncho anali m'malire. Ndinawapopera salbutamol, mankhwala otsegula njira za mpweya, kudzera mu spacer, kachubu kothandiza kuti mankhwalawo afike bwino m'mapapo, kamodzikamodzi, ndikuwawerengera mpweya.

Atapezako bwino ndinayamba nkhani ya ulendo.

"Agogo, ndikufuna tikonze chikwama. Sindikunena kuti mukuchoka lero ayi."

"Mwanangu, phiri limenelo ndaliona likupsa kangati? Iwe usanabadwe linkapsa. Moto umathera kumtunda komweko."

"Zoona agogo. Koma nthawi imeneyo munkatha kuthamanga."

Anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana chubu cha okosijeni chimene chinali chitazungulira phazi la bedi. Kenako anati nyumbayo anamanga ndi malemu amuna awo, ndipo akangotuluka akudziwa kuti ana awo sadzalola kuti abwererenso. Apo ndinamva pamene panagona nkhani. Sankaopa moto kwenikweni, ankaopa kuti ulendo wa masiku atatu usanduka wa moyo wonse. Sindinawatsutse, chifukwa zimenezo zimachitikadi ndipo ndaziona. Ndinangowalonjeza chimene ndikanatha kukwaniritsa, kuti ndidzalemba m'fayilo yawo kuti akufuna kubwerera kwawo, ndipo ndidzanena zimenezo pamaso pa ana awo. Kenako ndinawafunsa zoti tiike m'chikwama. Mankhwala a milungu iwiri ndi pepala la mayina ake, ma inhaler (timabotolo ta mankhwala opopera m'kamwa) onse awiri, magalasi a maso, mano oikirira, zitupa, chaja ya foni. Iwo anawonjezera chithunzi cha pakhoma ndi juzi yakale yachimuna. Chikwamacho tinachiika pafupi ndi chitseko. Anandiuzanso pamene amasunga chakudya cha mphaka wawo, ndipo ndinadziwa kuti mumtima avomera.

Tsiku lonselo uthenga wochokera kwa akuluakulu unali umodzimodzi: khalani okonzeka. Mawu amenewa ndi olemetsa kuposa mmene amamvekera. Akanati chokani, bwenzi titachoka. Akanati palibe vuto, bwenzi titagona. Koma kukhala wokonzeka ndiko kukhala mtima uli m'mwamba ola lililonse, kuyang'ana foni mphindi zisanu zilizonse, kutuluka panja kukaona kumene masamba akuweramira. Mwana wanga wa zaka 6 anali atayamba kutsokomola usiku, ndiye madzulo amenewo ndinamutumiza kwa mchemwali wanga amene amakhala kutali ndi utsi. Galimoto ndinaithira mafuta odzaza, n'kuiimika itayang'ana kumsewu. Ndinagona pampando nditavala nsapato.

Cha m'ma 11 usiku mphepo inatembenuka. Ndinayamba kuimva pa denga, yotentha, youma, yowomba modukizadukiza. Nditatuluka, kwa nthawi yoyamba ndinaona moto weniweniwo: mzere wofiira wautali pamwamba pa phiri, ndipo apa ndi apo mtengo unkayaka wonse nthawi imodzi ngati muuni. Posakhalitsa magetsi anazima dera lonse.

Foni inalira isanakwane 1 koloko. Anali mnansi wa agogo aja. Makina a okosijeni anali atasiya, alamu yake ikulira, ndipo agogo ankalephera kumaliza chiganizo. Ndinayendetsa galimoto pang'onopang'ono, mawindo otseka, mpweya ndikuuzunguza wa mkati momwemo, chifukwa nyali zinkangogunda pa utsi n'kubwerera. Timakala tofiira tinkadutsa kutsogolo kwanga n'kukagwera m'udzu wa m'mbali mwa msewu. Nditafika ndinapeza mnansiyo, bambo wamtima wabwino zedi, akukokera jenereta m'khonde la mkati kuti makinawo ayambenso.

"Bambo, chonde, imeneyo ikhale panja, kutali ndi mawindo."

"Koma panja pakugwa moto, anesi."

"Ndikudziwa. Koma mukailiza m'nyumba muno, pofika m'mawa tonse tikhala titafa."

Jenereta imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Choipa china n'chakuti kachipangizo ka pachala kaja sikauzindikira, kamatha kuonetsa nambala yabwino munthu akupita. Tinaisiya panja. Ndinalumikiza agogo ku silinda yaing'ono ya okosijeni imene ndimayenda nayo. Nambala inali pa 83, ndipo ndinagwada pambali pawo ndi tochi kukamwa, ndikuiyang'ana ikukwera pang'onopang'ono, 85, 86, 88. Silinda imeneyo inali yoti itha kusanache.

Ndili pomwepo ndinaimbira adokotala apantchito usiku umenewo, ndipo sitinagwirizane msanga. Iwo ankati lamulo loti tichoke silinaperekedwe, ndiponso kusamutsa munthu wofooka usiku kuli ndi ngozi zake. Sankanama. Okalamba ena ukawachotsa pamalo amene anazolowera amasokonezeka mutu, ena amagwa, ena matenda amakula. Koma ine ndinali nditaima pamalo pamene ndinkaona phirilo ndi maso. Moto wolusa suyenda ngati munthu wapansi, woti ungamuwerengere kuti afika nthawi yakuti. Pokwera chitunda liwiro lake limawirikiza kawiri pa madigiri 10 alionse a kutsetsereka kwa malo, ndipo ngakhale potsika, mphepo ikakhala kumbuyo kwake imanyamula makala n'kukawaponya patsogolo, nthawi zina mtunda wa makilomita, n'kuyatsa moto watsopano kumene anthu akuganiza kuti kuli bwino. Ndipo kuthawa mochedwa ndiko kumapha. Mu June 2017 ku Pedrógão Grande m'dziko la Portugal anthu 66 anafa, ndipo ambiri mwa iwo anafera pamsewu umodzi, m'magalimoto ndi pambali pa magalimoto awo, akuthawa. Dera lathu nalonso lili ndi msewu umodzi wokha wotulukira. Ndinati, "Adokotala, lamulo likadzabwera msewu udzakhala utadzaza, ndipo ambulansi sidzatha kulowa. Anthu 7 amenewa tiwachotse msewu ukadali wopanda anthu." Anakhala chete pang'ono, kenako anati ndiyambe ndi atatu a okosijeni.

Agogo aja ananyamuka cha m'ma 3 koloko. Powakweza anandigwira dzanja mwamphamvu n'kuti, "Usaiwale zimene unanena." Ndinati sindiiwala.

Lachinayi lonse linali la kunyamula anthu. Sindikumbukira bwino ndondomeko yake, ndimangokumbukira zidutswa: kutsitsa bambo wofa ziwalo pa masitepe tili anthu anayi, mayi wina akulira chifukwa sanapeze kabuku ka manambala a foni, kulemba dzina ndi mankhwala a munthu aliyense pa tepi n'kumata pa chikwama chake. Pofika masana onse 7 anali pamalo osungira okalamba a m'tauni ina, kumene kunali magetsi ndi mpweya wabwinoko. Gulu lachiwiri ndinaliimbira mmodzimmodzi, ndikufunsa funso limodzi lokha: moto ukafika usiku uno, ndani akubwera kudzakutengani, ndipo dzina lake ndani? Amene anayankha kuti "aliyense angandithandize" ndinawawerenga ngati opanda wowatenga, n'kuwapezera munthu weniweni.

Motowo sunafike. Ozimitsa moto anali atalambula njira yotakata m'munsi mwa phiri ndi mathalakitala, n'kutentha dala udzu wa pakati pa njirayo ndi moto kuti ukafika upeze zoti udye zatha. Lachisanu m'mawa mphepo inagwa, ndipo moto unaima pamenepo. Palibe nyumba ya m'dera lathu imene inapsa. Lamulo loti tichoke silinaperekedwe n'komwe.

Tsiku lomwelo mwana wa mmodzi mwa anthu 7 aja anandiimbira atakwiya. Anati ndasamutsa mayi ake pachabe, ndipo tsopano asokonezeka, sakudziwa kumene ali, usiku wonse akufuna kutuluka. Zonsezo zinali zoona, ndinali nditawaona ndekha. Ndinamumvetsera mpaka anamaliza, ndipo ndinapepesa chifukwa cha kuvutika kwa mayi akewo, pakuti kuvutikako kunali kwenikweni ndipo ndine ndinakuyambitsa. Koma sindinanene kuti ndinalakwa. Usiku wa Lachitatu palibe amene ankadziwa kuti mphepo idzagwa Lachisanu. Ndikanati ndiimenso pakhonde lija, phiri lili psuu, silinda ikutha, ndikanaimbanso foni yomweyo.

Ndipo utsi sunathe chifukwa choti malawi aima. Zitsa ndi mitengo ikuluikulu zimanyeka pansipansi kwa masiku ambiri, ndipo moto wonyeka choncho umafuka kwambiri kuposa woyaka mwamphamvu. Lachisanu ndi Loweruka ndiwo masiku amene ndinatumiza anthu ambiri kuchipatala: mwana wa mphumu amene inhaler inasiya kumuthandiza, bambo a mtima aja miyendo itatupa, mayi wina amene ankati pachifuwa pakumuthina ndipo ankaganiza kuti ndi chifuwa wamba. Palibe mmodzi wa iwo amene anaona moto pafupi. Ku Australia, pa moto waukulu wa 2019 mpaka 2020, anthu oposa 30 anafa ndi moto weniweniwo, koma ofufuza anawerengera kuti utsi wake unapha anthu oposa 400. Amenewo saoneka pa zithunzi za nyumba zopsa. Amafa m'mawodi, patapita masiku, ndipo pa pepala pamalembedwa mtima kapena mapapo.

Lamlungu ndinapita kunyumba kwa agogo aja kukadyetsa mphaka. Pakhonde ponse panali phulusa, ndipo pa mpando wa pulasitiki panali kabowo kosungunuka, pamene khala linagwera usiku uja. Ndinavala masiki, ndinawaza madzi kaye kuti phulusa lisauluke, kenako ndinalikokolola ndi nsalu yonyowa. Kuchokera pamenepo ndinapita kukawaona. Nambala inali pa 92, ndipo anali atavala juzi ija. Mwana wawo wamkazi anali pomwepo, ndiye ndinanena pamaso pake zimene ndinalonjeza, kuti mayi akewo akufuna kubwerera kwawo utsi ukatha, ndipo ine ndipitiriza kuwayendera. Mwanayo sanayankhe, anangoyang'ana pansi.

Agogo anandifunsa ngati phiri layamba kuoneka. Ndinati theka lake lokha, ndipo ndi lakuda. A zanyengo akuti mphepo yotentha ibweranso Lachiwiri, choncho chikwama chawo sitinachimasule, ndipo mwana wanga akhalabe kwa mchemwali wanga mpaka tione.